Wakudyerani ndalama mu Harare: mugogode khomo liti, ndipo musumire ndani?

Munthu akakudyerani ndalama, miyendo imalunjika yokha kupolisi. Ambiri a ife timatero, kaya tili ku Mbare, ku Mufakose, ku Mabvuku kapena ku Epworth. Wapolisi wa pakauntala amamvetsera mpaka mumalize, kenako amafunsa funso limodzi: ndalamazo munapereka nokha ndi manja anu? Mukavomera, amabweza cholembera m'thumba n'kukuuzani kuti nkhaniyi ndi ya civil. Munthu amatuluka akung'ung'udza kuti apa padyedwa chibanzi, chonsecho wapolisiyo wanena zoona.

Milandu ili pawiri. Ilipo ya upandu, monga kuba, kumenya munthu ndi chinyengo. Imeneyi boma limazenga lokha, inu n'kukhala mboni chabe, ndipo ndi yomwe timamva kuti ili kukhoti la majisitireti la ku Rotten Row. Ndiye pali milandu ya pakati pa anthu, ya civil ija: ngongole, lendi, katundu amene munalipira koma osabwera, nyumba yamasiye, chipukuta misozi galimoto ikakugundani. Mlandu woterewu palibe amene adzakuyambitsireni. Mumaunyamula nokha, kulipira nokha, umboni kubweretsanso nokha. Malamulo aakulu a Zimbabwe a 2013, pa ndime 49, amaletsa kutsekera munthu chifukwa chongolephera kukwaniritsa pangano, n'chifukwa chake wapolisi sangamange mnzanu amene wachedwa kubweza. Zimasintha ngati munthuyo anakunamizani kuyambira pachiyambi, monga kukugulitsani sitandi yomwe si yake. Pamenepo apolisi amalowerera, ndipo khoti likamupeza wolakwa limatha kumulamula kuti abweze. Komabe mlandu wa upandu umafuna chilango. Ndalama zanu zimangobwera ngati zapambali.

Makomo oti mugogode alipo angapo, ndipo tiwayerekeza. Koma pali funso limene anthu amalidumpha, lomwe lagwetsa milandu yabwinobwino isanamvedwe n'komwe.

Mayina awiri a pachisamani

Pamwamba pa chisamani pamakhala mayina awiri: wodandaula, yemwe pepala limamutcha plaintiff, ndi woyankha mlandu, defendant. Kulakwitsa limodzi mwa mayinawa ndiko kutaya ndalama za sitampa ndi miyezi yambiri.

Wodandaula akhale mwini nkhani. Mlongo wanu akadyeredwa ndalama, simungasume m'dzina lanu chifukwa choti inu ndi amene mumatha Chingerezi kapena muli ndi mtima wapachala. Asume iyeyo, inu mumuperekeze. Mwana wosakwana zaka 18 amasuma kudzera mwa kholo kapena womuyang'anira. Mayi wapabanja amasuma yekha, safuna chilolezo cha bambo akunyumba ngakhale cha amalume.

Apa ndipatukeko pang'ono. Makolo athu ambiri, amene anabwera kuchokera ku Malawi ndi maiko ena oyandikana kudzagwira ntchito m'mapulazi, m'migodi ndi ku khansala ya mzinda, anakhala zaka ndi zitupa zolembedwa kuti alien, kutanthauza mlendo, ndipo mantha a maofesi a boma anatsalira mwa ana ndi zidzukulu. Ndime 43 ya malamulo a 2013 inavomereza kuti munthu wobadwira mu Zimbabwe kwa kholo lochokera m'dziko la SADC, ngati munthuyo ankakhala muno pamene malamulowo ankalengezedwa, ndi nzika yobadwira. Ngakhalenso amene si nzika ali ndi ufulu wosuma. Vuto limene lingakhalepo ndi la munthu wokhala kunja, tinene ku Lilongwe, amene alibe katundu aliyense muno: woyankha mlandu angapemphe khoti kuti woteroyo ayambe waika chikole cha ndalama zoyendetsera mlandu.

Mbali ya woyankha mlandu ndi imene ili ndi misampha yambiri. Tinene kuti kombi yakugundani pamsewu wa Simon Mazorodze. Dalaivala mukumudziwa, koma chomwe ali nacho ndi foni ndi jekete. Lamulo limalola kusumira mwini kombi limodzi ndi dalaivalayo ngati ngozi inachitika ali pantchito, choncho lembani onse awiri. Mwagula sofa ku Glen View, mwalipira theka, mpaka pano kuli zii. Yang'anani lisiti. Ngati dzina likuthera ndi Pvt Ltd, mumasumira kampaniyo, chifukwa pamaso pa lamulo kampani ndi munthu payokha. Bwana amene munkalankhula naye salowa, pokhapokha ngati anasainira kuti kampani ikalephera adzalipira iye. Koma ngati palibe kampani yolembetsedwa, kungoti dzina lopaka penti pachikwangwani, mumasumira munthuyo ndi dzina lake la pachitupa, n'kuwonjezera dzina la bizinesi.

Wakufa sasumiridwa. Ngongole yake imagwera pa chuma chamasiye, ndipo woyankha ndi executor, munthu wopatsidwa mphamvu kudzera ku ofesi ya Master of the High Court, yoyang'anira chuma chamasiye. Kusumira mayi wamasiye chifukwa choti ndi amene watsala m'nyumba n'kudzivuta chabe. Lamulo lomweli ndi limene limatipunthwitsa pa nyumba za agogo ku Highfield ndi ku Mufakose. Agogo anamwalira kalekale, nyumba ikadali m'dzina lawo, zidzukulu zikukangana, ndipo wina akufuna kutulutsa mnzake kapena munthu wochita lendi amene wasiya kulipira. Khoti lidzafunsa kuti mwabwera ngati ndani. Chuma chamasiyecho chikakhala chosalembetsa, palibe amene ali ndi pakamwa. Khomo loyamba pamenepo ndi kwa Master, osati kwa majisitireti.

Sosaiti yamaliro imene ili ndi malamulo ake olembedwa imatha kusuma ndi kusumiridwa m'dzina lake. Gulu la chipereganyu, chimene anzathu muno amati mukando, nthawi zambiri lilibe pepala lililonse, ndiye aliyense amene wadyeredwa amalowa ndi dzina lake. Boma nalo limasumiridwa, koma lamulo la State Liabilities Act limafuna kuti muyambe mwapereka chidziwitso cholemba, n'kudikira masiku 60. Ngati ndi apolisi, mlandu uyambike pasanathe miyezi 8 chichitikireni nkhaniyo.

Mukapeza dzina lolondola, dzifunseni funso lina lowawa: munthuyu ali ndi chiyani? Ali pantchito yolandira pamwezi? Ali ndi galimoto, nyumba, katundu wooneka? Khoti silisindikiza ndalama. Limakupatsani pepala lonena kuti mwawina, ndipo pepalalo limaluma pokhapokha ngati pali choti lilume.

Kukhala pansi ndi akuluakulu

Njira yomwe timaidziwa kuyambira kumudzi ndi yoitana anthu: mkulu wa mpingo, shehe, wapampando wa sosaiti, ankhoswe ngati ndi nkhani ya m'banja. Ubwino wake ndi wodziwika. Simulipira kanthu kupatula mwina botolo la zoziziritsa kukhosi, mumalankhula chinenero chanu, ndipo mawa mukakumana pamaliro mumapatsana moni. Ife tili ochepa muno, timaikana m'manda tokhatokha, ndiye chibale si chinthu chotaya chifukwa cha madola makumi awiri. Komanso manyazi pamaso pa anthu odziwana nawo amakakamiza ena kuposa chisamani.

Kuipa kwake ndi kumodzi, koma n'kwakukulu. Akuluakulu alibe mphamvu yolanda katundu wa munthu, ndipo pamene akuti tiyeni tipirire, nthawi ikuyenda. Timakonda kunena kuti mlandu suwola. Ku Zimbabwe umawola. Lamulo la Prescription Act limapereka zaka zitatu zokha pa ngongole wamba, kuwerengera tsiku limene inayenera kubwezedwa. Amene anazolowera za ku Malawi, kumene ngongole ya pangano imakhala zaka 6, achenjere pamenepa. Zaka zitatu zikatha, wangongole amangoyankha kuti nthawi inadutsa, ndipo mlandu umathera pomwepo ngakhale aliyense akudziwa kuti ndalama anatengadi. Kumuimbira foni sikuimitsa nthawi. Kumulembera kalata yoopseza sikuimitsanso. Zoimitsa ndi ziwiri: iye mwini avomereze ngongoleyo, kapena alandire chisamani cha khoti. Akavomereza, zaka zitatu zimayambanso kuwerengedwa.

Ndiye kukambirana sindikukukana ayi. Ndikukana kukambirana kothera pa kugwirana chanza. Msonkhano usanabalalike, ng'ambani pepala m'kope, wangongoleyo alembe ndi dzanja lake motere: Ine wakuti, nambala ya chitupa yakuti, wokhala panyumba nambala yakuti, ndikuvomera kuti ndili ndi ngongole ya US$600 kwa wakuti, ndizibweza US$100 pakutha pa mwezi uliwonse kuyambira mwezi wakuti, ndikadumphitsa mwezi umodzi, yotsala yonse ibwezedwe nthawi imodzi. Asaine, alembe tsiku, mboni ziwiri zisainenso. Mkulu wa mpingo akati pepala likuonetsa kusakhulupirirana, muyankhe mwaulemu kuti, Abambo, n'zothandiza tonse kuti tisadzaiwale. Kapepala kameneka kamasintha mlandu wonse, chifukwa mukadzapita kukhoti palibenso zokangana kuti anatenga kapena sanatenge.

Mtundu wa ndalama ulembedwe momveka. Amene tinali muno mu 2019 tikukumbuka lamulo la SI 33, limene linasandutsa ngongole zambiri za madola a America kukhala za RTGS, ndalama ya Zimbabwe ya nthawiyo, dola imodzi pa imodzi, ndipo Supreme Court inatsimikiza zimenezi mu January 2020 pa mlandu wa Zambezi Gas. Anthu anabwezeredwa ndalama zosagula n'theka lomwe la zimene anakongoza. Kuyambira April 2024 tili ndi ZiG, ndalama ya Zimbabwe, pambali pa dola, choncho kungolemba kuti 600 n'kudziputira mkangano wina. A katapila, kapena chimbadzo monga amanenera kuno, adziwenso kuti khoti sililola chiwongoladzanja chosalipidwa kupitirira ndalama imene inakongozedwa.

Zikakanika, chotsatira ndi kalata yofuna ndalama zanu, imene maloya amati letter of demand. Mutha kulemba nokha: ndalama zingati, zinachokera pa chiyani, zibwezedwe pofika liti, ndipo zikapanda kubwera mupita kukhoti. Sungani kope, ndipo wolandirayo asaine kapena pakhale mboni yoona kuti walandira. Anthu ena amene amazemba chaka chonse amapeza ndalama sabata yomweyo akaona pepala.

Small Claims kapena majisitireti

Pa ngongole zambiri za pakati pa ife, mpikisano weniweni uli pakati pa makomo awiriwa, ndipo onse ali pansi pa denga la khoti la majisitireti.

Small Claims Court anaikonzera munthu wamba kuti adziyankhulire yekha. Kalata ija ndi yokakamiza pano. Popanda umboni woti munaipereka, kalaliki sakutsegulirani mlandu. Nthawi ya m'kalata ikatha, mumapita ndi kope lake, mumadzaza fomu ya chisamani, mumalipira, ndipo tsiku lomva mlandu limalembedwa pomwepo. Patsikulo palibe miyambo yambiri. Woweruza amafunsa mafunso yekha, amaona malisiti, mauthenga a EcoCash, zokambirana za pa WhatsApp, n'kumva mboni. Sindikizani mauthengawo papepala. Kuyamba kufufuza m'foni ya batire lakutha woweruza akudikira kumangokusokonezani mutu. Simufunika umboni wosasiya chikaiko chilichonse ngati pa mlandu wa upandu. Chofunika n'chakuti nkhani yanu ikhale yomveka kuti ndi yoona kuposa ya mnzanuyo.

Kufulumira kumeneku kuli ndi mtengo wake. Chigamulo cha Small Claims chilibe apilo. High Court ingachiunikenso ngati mlandu unayendetsedwa mokhota, monga kukondera kapena kusakupatsani mpata wolankhula, koma osati chifukwa choti simunakhutire. Milandu ina salandira n'komwe, monga kuthetsa banja, kuipitsa mbiri ya munthu, kapena kutsutsa wilo. Ndipo pali malire a ndalama. Malirewa boma limawasintha kudzera m'chidziwitso cha lamulo, Statutory Instrument, pamene ndalama ya dziko yasintha, choncho musadalire chiwerengero chimene mnzanu anamva zaka zapitazo. Kalaliki wa khoti ali ndi cha lero. Ngongole yanu ikapitirira malire pang'ono, mukhoza kusiya kotsalako kuti mulowe, koma mwakusiya mpaka kalekale. Kudula ngongole imodzi pawiri kuti ikhale milandu iwiri sikuloledwa.

Khoti la majisitireti, mbali ya civil, limalandira ndalama zokulirapo ndi nkhani zambiri, kuphatikizapo kutulutsa munthu m'nyumba. Mumasuma kudera kumene woyankha mlandu amakhala kapena kugwira ntchito, kapena kumene nkhani yonse inachitikira. Wa ku Chitungwiza ali ndi khoti lake, Mbare ilinso ndi lake. Mlandu umayamba ndi chisamani chofotokoza zimene zinachitika ndi zimene mukufuna, kalaliki amachidinda n'kuchipatsa nambala, ndipo wopereka kwa munthuyo ndi Messenger of Court, osati inu. Iye amabweza pepala losonyeza kuti wapereka liti ndiponso kwa ndani, ndipo masiku amayamba kuwerengedwa kuchokera pamenepo. Adiresi ikakhala yolakwika mumalipiranso ulendo wina. Ku Epworth kapena ku Hopley, kumene manambala a nyumba amasokoneza, n'kwanzeru kupempha kuti mumuperekeze mukaloze khomo.

Woyankha mlandu wokhala m'dera la khotilo amapatsidwa masiku 7 oti alembetse kuti adziteteza. Akakhala chete, mumapempha chigamulo iye kulibe, ndipo milandu yambiri ya ngongole imathera pamenepa. Akalembetsa koma zikuonekeratu kuti akungogula nthawi, pali njira yachidule yotchedwa summary judgment, ndipo kapepala kosainidwa kaja ndi kamene kamagwira ntchito apa. Akakhala ndi chonena chenicheni, mlandu umatalika: amayankha polemba, angakusumireninso inuyo pa mlandu womwewo ngati akuti muli ndi zake, mumaonetsana mapepala, mumakhala pamaso pa majisitireti kuyesa kugwirizana, kenako tsiku la mboni. Mukagwirizana panjira, pemphani kuti mgwirizanowo usandutsidwe lamulo la khoti, kuti akadzaphwanya musadzayambirenso. Mutha kudziimira nokha, koma pano mapepala ndi masiku zimalemekezedwa kwambiri, ndipo mnzanuyo akabwera ndi loya mudzamva kutentha. Wogonja kawirikawiri amalipira gawo la ndalama zimene wopambana wawononga, ndipo apilo imapita ku High Court.

Kwa ine, ngongole yomveka bwino, ya ndalama zolowa m'malire, yokhala ndi lisiti kapena uthenga wovomereza, ipite ku Small Claims osacheuka. Koma ngati nkhani ili yopotana, mboni zikutsutsana, kapena kugonja kungakuphereni bizinesi, khomo lokhala ndi apilo ndi labwino ngakhale likuchedwa.

Pali njira ina yoyambitsira mlandu imene ambiri saidziwa. M'malo mwa chisamani mumalemba pempho, n'kulumikiza afidaviti, chikalata chimene mumalumbira pamaso pa commissioner of oaths, munthu wololedwa kulumbiritsa anthu. Apa mayina amasintha, wopempha ndi applicant, winayo respondent, ndipo woweruza amagamula powerenga mapepala popanda kuimika mboni. Imayenera nkhani imene zochitika zake sizikutsutsidwa kwenikweni, kapena yofuna changu. Mwachitsanzo, mwabwera kuchokera ku Mbare Musika madzulo n'kupeza mwini nyumba wakhoma loko wake pachitseko chanu, mapoto ndi mabulangete zili panja pamvula, ati chifukwa muli ndi lendi ya miyezi iwiri. Ngongoleyo muli nayodi, koma ndime 74 ya malamulo aakulu imati munthu asatulutsidwe m'nyumba yake popanda lamulo la khoti. Majisitireti angalamule mwachangu kuti mubwezeretsedwe m'nyumbamo, za lendi zikambidwe pambuyo. Eni nyumba amve mbali inayo: kuchotsa chitseko kapena kukhoma loko kumakusandutsani woyankha mlandu pa nkhani imene mukanawina mukanapita ndi chisamani.

High Court ndi makomo ena

High Court, ya pamsewu wa Samora Machel, ilibe malire a ndalama ndipo ingamve pafupifupi mlandu uliwonse wa civil. Mikangano ikuluikulu ya umwini wa nyumba ndi malo kawirikawiri imathera kumeneko. Wopereka zisamani zake ndi Sheriff, ndipo woyankha mlandu amakhala ndi masiku 10, osawerengera Loweruka, Lamlungu ndi maholide. Kuyambira 2022 makhoti akuluakulu anayamba kulandira mapepala pa intaneti kudzera mu IECMS, ndipo mu 2023 High Court yonse inalowamo, ndiye pamafunika imelo, foni ndi mapepala ojambulidwa bwino. Lamulo silikuletsani kudziimira nokha, koma sindingamulangize m'bale wanga kutero pa nkhani ya nyumba. Kupita nayo kumeneko ngongole ya US$300 kuli ngati kuchita hayala lole kuti inyamule dengu limodzi la tomato, ndipo jaji angakupatseni ndalama zoyendetsera mlandu pa mlingo wa kwa majisitireti basi.

Nkhani zina zili ndi makomo awoawo, ndipo mukalowa kolakwika amakubwezani. Kuchotsedwa ntchito mopanda chilungamo kumayambira kwa labour officer, kapena kwa nthumwi ya National Employment Council ya ntchito yanuyo, amene amayamba ndi kuyanjanitsa; Labour Court imabwera pambuyo. Nthawi yake ndi yaifupi, zaka ziwiri zokha, ndipo alonda, ogwira ntchito m'nyumba ndi a m'minda ya maluwa ambiri amataya ufulu wawo podikira lonjezo la abwana. Chithandizo cha ana chimapemphedwa kwa majisitireti pansi pa Maintenance Act, kaya makolowo anakwatirana kaya ayi, ndipo khoti lingalamule kuti ndalama zizidulidwa kumalipiro. Mabwalo a mafumu, monga kwa Seke kapena ku Domboshava, amaweruza za chikhalidwe ndipo apilo yake imapita kwa majisitireti, koma wa mkati mwa tauni sizimukhudza kwenikweni. Arbitration, kuweruzitsa nkhani kunja kwa khoti, ndi ya amene anasainirana kontirakiti yonena choncho. Woweruzayo mumamulipira nokha, ndiye ndi ya amabizinesi.

Kuwina si kulandira

Tsiku la chigamulo anthu amatuluka akumwetulira, poganiza kuti kalaliki awawerengera ndalama pawindo. Ayi ndithu. Wogonja akapanda kulipira, mumabwereranso kukatenga chikalata cholanda katundu, n'kulipiranso Messenger. Iye amapita kunyumbako ndi pepala, amalowa chipinda ndi chipinda akulemba: firiji imodzi, TV imodzi, sofa, jenereta. Katunduyo amayamba wasiyidwa pomwepo ali wogwidwa, kenako amadzanyamulidwa n'kugulitsidwa pa okushoni, kumene mitengo imakhala yogwetsa ulesi. Pa ndalama zotulukazo amayamba achotsa za galimoto yonyamula ndi zosungira. Zogonera, zovala ndi zipangizo zofunika pa ntchito ya munthu lamulo limaziteteza pa mlingo wina. Ndiye pamatulukira mkazi wake kapena mchimwene wake ndi malisiti, akuti firijiyo ndi yanga, ndipo kamlandu kena kamabadwa kofuna kudziwa mwini katundu.

Wangongole wapantchito ndi wosavuta, chifukwa khoti lingalamule abwana ake kapena banki kuti azidula ndalama n'kupereka kwa inu. Kutsekera munthu chifukwa cha ngongole ya chigamulo kulipo, koma ndi kwa amene khoti laona kuti angathe kulipira koma akukana dala, osati wosauka. Chotonthoza n'chakuti ngongole ya chigamulo imakhala zaka 30. Amene lero alibe kanthu mwina pakatha zaka zisanu adzagula Honda Fit.

Pa geti la khoti mudzakumana ndi anthu onyamula mafayilo, okunong'onezani kuti akulemberani mapepala motchipa ndipo amadziwana ndi a mkati. Ena amalemba zooneka bwino, koma zikalakwika simudzawapezanso, ndipo sangakuimireni pamaso pa woweruza. Loya weniweni amakhala m'kaundula wa Law Society of Zimbabwe, ndipo mutha kufunsa kumeneko. Amene alibe ndalama ayese Legal Aid Directorate ya boma, Legal Resources Foundation, kapena Zimbabwe Women Lawyers Association kwa amayi ndi ana. Ngakhale mukufuna kudziimira nokha, kulipira loya ola limodzi kuti aone dzina la woyankha mlandu ndi masiku n'kotchipa kuposa kuyambiranso. Otolera ngongole amene amatumiza makalata a zilembo zofiira alibe mphamvu yolanda ngakhale supuni popanda lamulo la khoti.

Za chinenero musachite nazo manyazi. Pa zinenero 16 zovomerezeka mu ndime 6 ya malamulo aakulu, Chichewa chilipo. Mapepala a khoti amalembedwa m'Chingerezi, koma umboni munthu amapereka m'chinenero chimene amachimva bwino. Agogo amene Chishona chawo ndi cha pamsika asakakamizike kufotokoza za nyumba yawo m'chinenero chobwereka. Uzani kalaliki nthawi ikadalipo kuti padzafunika womasulira wa Chichewa, osati m'mawa wa tsiku la mlandu.

Nanga chisamani chikafikira inuyo? Ambiri amakana kuchilandira, kapena amachiponya pansi pa matiresi poganiza kuti osasaina ndiye kuti sichinafike. Messenger akachisiya kwa munthu wamkulu wa pakhomopo, lamulo limati chafika, ndipo masiku ayamba kuyenda. Werengani dzina la khoti, nambala ya mlandu ndi masiku amene mwapatsidwa. Ngati muli ndi chonena, kaya munabweza kale gawo lina, kaya ndalama zalembedwazo zachuluka, kaya zaka zitatu zinadutsa, kalembetseni kuti mudziteteza masikuwo asanathe. Za zaka zitatuzo muyenera kuzitchula nokha, khoti silikutchulirani. Ngati ngongoleyo ndi yoona, pitani kwa wodandaula kapena loya wake mukapemphe kulipira pang'onopang'ono, zilembedwe, ndalama za Messenger ndi za okushoni zisanaunjikane pamwamba. Ndipo ngati mwadzidzimuka ndi Messenger ali pakhomo ndi chigamulo chimene simunachimvepo, mungapemphe khoti lomwelo kuti lichifafanize, koma pasanathe mwezi umodzi chidziwireni, ndipo mudzafotokoze zinthu ziwiri: chifukwa chimene simunayankhire, ndi chimene mukanayankha.